Lichero langa ndi mchenga wa alendo

Malemu amuna anga anandichenjeza tsiku lina tikuchokera ku Bangula: "Mayi, mlendo akawerama n'kutola kanthu pansi, dziwani kuti mwakhala mukuponda chuma." Zambiri zimene bambo aja ankanena zinkachokera m'chipanda cha mowa, koma izi ndinazisunga.

Dimba langa la mbatata lili m'mbali mwa Shire, moyandikana ndi mchenga umene alendo a ku nyumba yogona alendo amadziyanikapo ngati nsomba, uku akuonera mvuu. Chaka china kunabwera azungu awiri ndi sefa. Kudziyanika ayi, mvuu osaziyang'ana. Ankangosefa mchenga, n'kumatola tizidutswa tofiira, tobiriwira, tina ngati njere za mapira, n'kumatiika m'botolo mosamala ngati mankhwala.

Ndinafunsa mlonda wa pamalopo, mwana wa mlamu wanga.

"N'tapulasitiki, agogo. Zotsekera mabotolo, majumbo, mapatapata ofumbutuka. Akuti nsomba zikumadya."

"Munthu angakwere ndege kudzatola patapata wa eni ake? Iwe, akudyetsa chiyani kuti undinamize?"

Mapeto ake ndinawaoneratu: akatipeza tambiri abwera ndi chingwe choyezera malo, dimba langa lapita. Ndiye ndinati nditimalize ine, iwo asanationenso. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanayambe ukali wake wa kunowu, ndinkatsetsereka ndi lichero. Sefa n'chiyani kwa munthu amene wapeta mapira moyo wake wonse? Ukapeta mchenga wouma, tizidutswato timathamangira kutsogolo ngati mankhusu. Ndinkatithira m'matumba n'kukabisa m'nyumba, poti n'chuma. Ofunsa ndinkawauza kuti ndikufuna mchenga wokwechera mapoto. Mapoto ndili nawo awiri.

Azungu aja atabweranso anasefa, anasefa, botolo lili mbee. Ine ndili m'mbatata, kuseka chamumtima. Koma mlonda uja pakamwa pake sipatsekeka. Tsiku lomwelo anafika kwathu iye ndi azungu aja, mwini nyumba ya alendo ija ali patsogolo, akuomba m'manja mothokoza.

"Takhuta, amayi! Mchenga wathu sunayerepo chonchi. Tipatseni matumbawo tikataye."

Kukataya! Anthu anayi ndi galimoto kudzatenga zokataya? Ndinakhalira thumba limodzi, n'kuwauza kuti makutu anga anafa kalekale. Anandijambula, n'kumapita.

Chingwe choyezera sichinabwere, mbatata ndikukumbabe. Mlonda amati sichikanabwera n'komwe, koma ameneyo ndi wa kuchimuna, mawu ake ndimawapeta kaye. Chovuta n'chakuti madzi akasefukira, Shire amatula tatsopano tochokera kumtundako, ine n'kuyambiranso, msana ukulira ngati chitseko chakale. Ndikasiya sabata imodzi, ndani akudziwa amene afike ndi sefa?

Matumba tsopano afika kudenga, pogona panga patsala pongokwana mkeka. Choncho inu owerenga, mukamadutsa njira ya kudooko, muzindizondako, mwina thumba lina landigwera. Odi wanu muyambire pamtengo wa masawu wa pakhomo panga. Ndikayankha, ndiye kuti ndili moyo, pitirirani. M'nyumba musalowe.