Achimwene Anangopempha Kachipinda Kawo

Achimwene anga agwira ntchito pa ofesi imodzimodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo pafupifupi zonsezo anali m'kachipinda kosungira mafayilo, kuseri kwa masitepe. Kopanda windo, babu mmodzi, fungo la mapepala akale. Ine ndinkati ndi ndende, koma iwo ankapuma bwino mmenemo kuposa kunyumba. Anzawo anawapatsa dzina loti a Mafayilo, chifukwa ukangotchula nambala ankakuuza shelefu, mzere, ngakhale tsamba long'ambika.

Kwathu tinkangoti ndi munthu wovuta. Malaya atsopano ankayamba adula kansalu ka pakhosi, ati kamawabaya. Wailesi ikakwera ankatseka makutu. Alendo akafika, iwo ulendo wakubafa. Mayi ankati ndi mwano. Alamu anga anapirira zaka zinayi, kenako n'kulongedza. Inenso ndisaname, ndinawanena kwambiri.

Paja tsoka silinunkha. Kunabwera abwana atsopano, amtima wabwino ndithu, omwe anati munthu wodziwa ntchito chonchi sangawolere m'fumbi. Anawakweza kukakhala pakauntala yolandirira anthu. Mafoni awiri, mzere wa anthu okwiya, magetsi aja olira ngati udzudzu. Pasanathe miyezi itatu lamba anali ataboola mabowo ena awiri. Akaweruka ankangokhala pansi kuseri kwa chitseko, osayankhula ndi munthu.

Ndinawakokera kuchipatala poganiza kuti ndi kuthamanga kwa magazi. Atatizunguza m'zipinda, adokotala ena anacheza nawo maulendo atatu, n'kutiuza kuti ndi otizimu: ubongo wawo umalandira phokoso, kuwala ndi zochita za anthu mosiyana ndi ambirife, ndipo anabadwa choncho. Apa n'kuti ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Panjira anangoti, "Ndiye kuti sunali mwano." Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana.

Kalata ya adokotala anapita nayo okha kwa abwana. Pempho linali limodzi basi, loti abwerere m'kachipinda kawo.

"Aaa, a Mafayilo, tikubiseninso?" anatero abwanawo. "Anthu adzati timasala. Inuyo ndinu chitsanzo. Lachisanu muyankhule kwa antchito onse muholo, aphunzirepo."

Achimwene sanakane, poti mawu a bwana iwo amawatenga ngati lamulo. Anandiuzanso kuti mwina muholomo mudzakhala wina amene akudziyesa wamwano ngati mmene ankadziyesera iwo. Analemba masamba awiri, n'kuyeserera pamaso panga mpaka ndinaloweza.

Tsikulo ndinapempha kuntchito kwanga n'kukakhala mpando wakumbuyo. Achimwene anaimirira, maso papepala, dzanja likusisita msoko wa thalauza. Anafotokoza bwino, abale inu. Anati sadana ndi anthu, koma mawu akabwera ambiri nthawi imodzi amalephera kuwasiyanitsa, choncho wofuna kanthu azilemba pakapepala. Munthu amene sakukuyang'ana m'maso sikuti akukunyoza. Ntchito amaidziwa, akungofuna malo abata oigwirira. Pomaliza anawerenga kuti, "Chonde, ndikamaliza musaombe m'manja. Zimandipweteka m'mutu."

Anthu anaseka, ati kani a Mafayilo ali ndi nthabwala. Kenako holo yonse inaimirira, m'manja phwaphwaphwa, ena mpaka likhweru. Abwana anawakumbatira kuti wojambula ajambule. Ndinaona achimwene atauma gwa, atatsinzina, akudikira kuti zithe. Ndinakwiya kwambiri, koma ndikanakalipira ndani? Onsewo ankaganiza kuti akuwakonda.

Anthu atabalalika, achimwene ananyamula mpando kuthandiza anzawo kubweza, ine pambuyo. Mipandoyo inkapita kuseri kwa masitepe. Mafayilo anali atasamutsidwa kale, mashelefu atazulidwa, kachipinda kaja kasanduka kosungira mipando. Anasanjika wawo pamwamba pa inzake n'kuima pakhomo kanthawi.

"Achemwali, kodi pali pamene ndinawerenga molakwika?"

"Ayi achimwene, munawerenga bwino."

Lolemba m'mawa anali pakauntala, chithunzi chawo atachikhoma pakhoma kumbuyo kwawo, mafoni onse awiri akulira.