Nsapato Zofiira Zimene Zinkagona ku Actonville

Ndikukumbukira benchi yachitsulo ya pa renki ya mathekisi ku Germiston. M'nyengo yozizira inkazizira mpaka kulowa m'mafupa. Pamenepo ndi pamene amayi ankandisiya m'manja mwa abambo, Loweruka ili inde, Loweruka linalo ayi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Makolo anga sanakwatirane. Atasiyana, amalume ananena kuti kwathu ku Mangochi mwana ndi wa kuchikazi, nkhani yatha. Abambo anati kuno ndi ku Joni, ndipo anapita kukhoti la ana. Anabwerako ndi pepala lonena kuti ndizikhala ndi amayi ku Brakpan, koma iwo azindiona kawiri pamwezi komanso azithandiza. Germiston anaisankha chifukwa palibe amene ankafuna kuponda pakhomo pa mnzake.

Abambo ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Actonville. Tsiku lina anandigulira nsapato zofiira, zonyezimira, zokhala ndi kalamba. Madzulo titabwerera pa renki, anagwada n'kundivula, n'kundiveka mapatapata amene ndinabwera nawo.

“Izi zizigona kwa ine, Hawa,” anatero. “Zikapita uko, mawa zivalidwa ndi ana a malume ako. Zizikudikira.”

Kuyambira pamenepo zinkabwera m'jumbo. Amayi ankaima kumapeto kwa benchi akuyang'ana mathekisi, abambo akugwada kundiveka, awiriwo osalankhulana. Kenako ine ndi abambo tinkagula magwinya, mandasi a kuno, otentha, mafuta akudontha papepala, ine ndikuyenda monyang'wa ngati mwana wa mwini sitolo. Ndinalibe bedi kwa abambo, ngakhale kapu yanga. Chinthu changa chokha m'chipinda chawo chinali nsapatozo, pansi pa tebulo.

Koma phazi la mwana silidikira Loweruka. Patatha miyezi, zala zinayamba kupanikizika. Ndinkazipinda ngati nkhuku yogwidwa ndi chisanu. Sindinauze munthu. M'mutu mwanga ndinkaganiza kuti nsapato zikasiya kundikwana, palibenso chimene chizindidikira ku Actonville, ndipo abambo sadzakhala ndi chobwera nacho pa renki. Akandifunsa kuti, “Zikukwanabe?” ndinkangogwedeza mutu. Ankaseka n'kunena kuti ndinatengera timapazi ta amayi awo.

Amene anazindikira ndi amayi. Lolemba lina ndikutawaza kuti ndipite ku madirasa, anaona matuza ataphulika kuzidendene.

“Ichi n'chiyani?”

Ndinapitiriza kutawaza.

“Iwe Hawa, ndikufunsa iwe!”

Loweruka lokumananso litafika, amayi analankhula ndi abambo, koyamba ine ndikumva. Anandikweza pabenchi n'kutukula phazi langa pamaso pa anthu onse odikira thekisi.

“Bambo a Hawa, taonani. Mwana mukumufunadi, kapena mukufuna nsapato zanu?”

Abambo anayang'ana phazilo nthawi yaitali. Anandifunsa chapansipansi kuti, “Bwanji sunandiuze, mama?” Ine ndinangoyang'ana jumbo limene linali m'manja mwawo. Anapereka jumbo lija kwa amayi, nati, “Tengani.” Tsiku limenelo ndinayenda nawo ndi mapatapata, ndipo magwinya sanakome.

Anabweranso kangapo, opanda kanthu m'manja. Kenako ntchito inatha, anapita kukasaka ina ku Cape Town. Amayi ankandiperekezabe pa renki kwa miyezi iwiri, kuti pepala lisawatsutse. Ndinkakhala pabenchi ndikuyang'ana m'manja mwa bambo aliyense wotsika thekisi. Nsapato zija anavaladi mwana wa amalume. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti abambo anachoka chifukwa phazi langa linakula.

Lero ndili ndi mwana wanga, Amina, wa zaka zinayi. Nanenso ndi bambo ake sitinakwatirane, ndipo tinasiyana chaka chatha. Masiku ano zinthu zinasinthako. Timauzana pafoni nthawi yokumana, ndipo mwana akafika kwa bambo ake ndimamuona pa vidiyo. Mayi wa kuofesi yoona za ana anatikhazika pansi kuti tigwirizane masiku ndi chithandizo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiponso ndimachita manyazi pamaso pa anthu a m'maofesi. Koma atafunsa ngati pali choonjezera, ndinakweza dzanja ngati m'kalasi. Ndinati alembe kuti chilichonse chimene mwana wagulidwira chiziyenda ndi mwana. Bambo a Amina anaseka, koma analola.

Benchi ija inachotsedwa, tsopano ine ndi bambo a Amina timakumana pakhomo pa sitolo ina. Ndisanamupereke mwanayo, ndimagwada n'kudina chala kutsogolo kwa nsapato yake. Iye amati, “Amayi, zikukwana!” Ine ndimadinabe.