Msodzi anandichenjeza, koma Daka sindinamuuze

Inu owerenga, ku Chipata kuli munthu amene akuyendera ndodo lero chifukwa cha ine. Sindinamumenye, sindinamukankhe, ndipo palibe khoti lomwe lingandipeze wolakwa. Ndinamva chenjezo lomwe likanamupulumutsa, ndinalisunga mumtima dala, ndipo ndikulemba izi kuti wina asadzachite uchitsiru wangawu.

Ndimakonza makina oziziritsa m'nyumba zosungiramo zakudya ku Dubai Investments Park. Munthu ndikunenayu ndi Daka, mnzanga wa ku Zambia, wamng'ono kwa ine ndi zaka zingapo. Atangofika sankadziwa ngakhale kuwerenga geji ya gasi. Ndine ndinamugwira dzanja n'kumuphunzitsa chilichonse. Patatha zaka zitatu mabwana anandidumpha n'kusankha iyeyo kukhala kapitawo wathu, akuti amalankhula bwino Chingerezi pamisonkhano. Kodi Chingerezi chinakonzapo kompuresa? Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkamva akutifulumizitsa ndi “yalla” wa Aluya, akuwomba m'manja, amvekere, “Yalla mudala, tiyeni tisebenze.” Ndinkaseka naye, koma mumtima ndinkamutukwana mpaka makolo ake.

Vuto linali loti akazi athu ndi apamtima, amaimba kwaya imodzi kutchalitchi ku Oud Metha. Iwowa ndiwo anapangana kuti pa tchuthi cha Eid mabanja awiri tipite ku Mauritius, tithaweko ng'anjo ya kuno ya mwezi wa June. Ndinakana. Mkazi wanga anandikwiyira sabata yathunthu, mapeto ake ndinagonja.

Chilumbacho n'chokongola, sindinganame. Akuti chinatumphuka m'nyanja mapiri ataphulika moto kalekale, n'chifukwa chake miyala yake ndi yakuda bii, yobowokabowoka, yakuthwa ngati mabotolo osweka. Tinabwereka galimoto n'kumazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja. Tinaona mabwato opaka utoto wowala, amayi okazinga tizitumbuwa ta tsabola, nsomba zoyanikidwa pazingwe. Mphepo ndiye inalibe ulemu. Mchenga unkatiluma m'miyendo, chipewa cha mkazi wanga chinauluka osapezekanso, mitengo yonse inali yopendekera mbali imodzi. Anzanga ankaseka n'kumajambulana, koma ine palibe chinandikomera. Daka ndiye ankayendetsa galimoto, ndiye ankasankha poima, ndiye ankanena nthawi yodya. Yalla wake uja anatitsatira mpaka kunyanja, moti ngakhale pa tchuthi ndinkadziona ngati wantchito wake.

Tsiku lachitatu tinafika pamudzi wina wa asodzi kum'mwera kwa chilumbacho. Kumeneko nyanja ilibe chotchinga, mafunde amabwera athunthu n'kudzamenya matanthwe. Akazi anatsalira kogula zokazinga, Daka ankasaka poimika galimoto, ine ndinatsogola ndekha. Bambo wina wachikulire, msodzi, ankasoka ukonde pamthunzi. Anandikodola, ndipo m'Chingerezi chothyokathyoka, manja akuthandizira, anandiuza kuti pathanthwe lakutsogolo lija pasapite munthu. Anati nyanja imaoneka ngati yagona, koma pakadutsa mafunde ang'onoang'ono angapo limabwera limodzi lalikulu n'kusesa chilichonse. Anawonjezera kuti ndiwauze anzanga. Ndinagwedeza mutu kuti ndamva.

Kunena zoona, sindinkafunikira n'kuuzidwa komwe. Ndinakulira ku Nkhotakota, bambo anga anali ndi bwato. Ndikaona thanthwe lili chinyowere mpaka pamwamba dzuwa likuswa mtengo, ndimadziwa chomwe chikulinyowetsa. Daka sankadziwa. Madzi aakulu omwe iye anawazolowera anali a m'dziwe losambiramo la pahotela.

Mukudziwa mmene Amalawi ndi anzathu a ku Zambia timanyozerana mocheza, popanda wokwiya. Ine ndinabisala m'macheza omwewo. Onse atafika ndinayamba kumuputa kuti a kwanu mulibe nyanja, mumaopa ndi madzi a m'beseni omwe, kapitawo wanji woopa kunyowetsa nsapato. Ndinalankhula mokweza, pamaso pa mkazi wake. Iye anangoseka n'kuyankha kuti, “Ah mudala, ine siniziba kusambira.” Ndinati wanena zosambira ndani, ndi chithunzi chabe, kaime apo ndikujambule, akakuone kuntchito kuti ndiwe mwamuna. Mayi Daka anamugwira mkono kuti asapite. Daka anauchotsa mkonowo pang'onopang'ono, akumwetulira, n'kuyamba kutsika.

Mulungu ndi mboni, sindinkafuna kuti afe. Ndinkafuna funde limugwetse chagada, anyowe ngati nkhuku ya pamvula, ndikhale ndi vidiyo yosekera kukantini. Koma musandimvere chisoni ayi. Atafika pakati pa thanthwe anaima n'kundiyang'ana, akuoneka kuti mantha amugwira, ndipo ine ndinamulozera ndi dzanja kuti asunthirebe kutsogolo.

Fundelo ndinaliona likutukuka kumbuyo kwake. Nthawi yokuwa ndinali nayo, yochepa koma yokwanira, ndipo sindinakuwe. Linamunyamula n'kumuponya mumpata wa matanthwe awiri, pobwerera n'kumukwekwereza pamiyala yakuthwa ija. Akazi analira. Msodzi uja ndi anzake awiri anathamanga ndi chingwe, wina anadzimanga m'chiuno n'kutsikira mumpatamo. Ine, mwana wa kunyanja wodzitama uja, ndinangoti chilili foni ili m'manja. Anamuvuula akupuma, koma bondo lamanja litaphwanyika, fupa la m'chiuno litathyoka, msana wonse utasendeka.

Tikudikira ambulansi, msodziyo anabwera n'kuima pamaso panga. Anandiloza pachifuwa akukalipa m'chiyankhulo chawo, mitsempha ya m'khosi itatupa, kenako analavula pansi pafupi ndi phazi langa. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinadziwa zomwe ankanena. Mayi Daka anali atagwada pambali pa mwamuna wawo, ndipo anaona zonsezi.

Daka anachitidwa maopaleshoni atatu, imodzi pachilumba pomwepo, awiri kuno. Ntchito yathu ndi ya makwerero ndi kukwawa pansi pa makina, munthu wosapinda bondo sangaigwire. Kampani inamudikira miyezi ingapo, kenako khalas, monga anenera Aluya, ntchito inathera pomwepo. Ndipo kuno ntchito ikatha, viza nayo imatha. Ana awo awiri anasiya sukulu pakati pa chaka, katundu wa m'nyumba anagawira anthu. Ukapitawo womwe ndinkaulirira uja anandipatsa ine, ndipo anzanga anandiwombera m'manja.

Tsiku lonyamuka kubwerera kwawo ku Chipata tinawaperekeza kubwalo la ndege. Daka, ali panjinga ya olumala, anandigwira dzanja n'kundithokoza poti ndinkamuzonda kuchipatala pafupifupi tsiku lililonse. Anati inali ngozi, wopusa anali iyeyo pokaima pamalo otere. Akupimitsa zikwama, Mayi Daka ananditengera pambali n'kulankhula motsitsa mawu, maso ali ouma gwa.

“Ba mulamu, ndinabwererako kumudzi kuja amuna anga ali m'chipatala. Msodzi uja anandiuza vonse. Iwo sindinawauze, amakukondani maningi, ndipo zingawaphe. Koma imwe, phazi lanu lisadzaponde pakhomo panga.”

Mayi Daka anali atamuuza kale mkazi wanga. Kunyumba mkazi wangayo sanandifunse chilichonse, mpaka lero sanandifunsepo. Timakhala limodzi, timapita kutchalitchi limodzi, koma ndikayamba nthabwala pagulu amadzuka n'kuchokapo.

Inu owerenga, mukapita kunyanja za eni, mverani eni ake. Thanthwe lonyowa musapondepo, ndipo chenjezo mukalimva lifikitseni kwa aliyense amene muli naye, ngakhale amene simumufuna. Koma langizo langa lenileni ndi ili: ngati munthu mukudana naye, muuzeni. Kanganani, kadandauleni kwa mabwana, sinthani ntchito, kanani ulendo ngakhale akunyumba akwiye mwezi wathunthu. Musapite naye kokasangalala mukumwetulira, chifukwa tsiku lina mpata udzapezeka, ndipo mudzadabwa ndi zomwe mungathe kuchita. Ine ndinkadziyesa munthu wabwino wongolakwiridwa kuntchito.

Daka amandiimbira foni Lamlungu lililonse, kufunsa za makina ndi za anzathu. Sadandaula, amangoseka kuti ndodo yamupatsa ulemu m'minibasi. Lamlungu lapitali anandiuza mosangalala kuti kunyumba kwawo kwabadwa mwana wamwamuna, ndipo akufuna kumutcha dzina langa. Akuti mkazi wake akukanitsitsa osanena chifukwa, ndiye anandipempha kuti monga mkulu wake ndilankhule nawo, ndiwanyengerere. Anadikira yankho langa. Ndinamuuza kuti netiweki ikuvuta, n'kudula foni.