Chaka Chimene Tinasintha Mabuleki

Mpaka lero, ndikamva galimoto ikulira kuti kwiii poima, mtima wanga umabwerera kwathu ku komboni ya Kamushanga, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu giredi faifi. Mphepo ya Julaye inkabwera ndi fumbi lakuda lochokera cha ku mgodi wakale, ndipo milomo yathu inkang'aluka ngakhale tidzole mafuta otani. Kulira kumeneko kunali kwa galimoto ya atate. Ikangokhota pa kagolosale ka pakona, msewu wonse unkadziwa kuti a Tembo aweruka. Ine kulirako ndinkakukonda, sindinama.

Atate anagwira ntchito ku njanji zaka zambiri, monganso agogo amene anachokera ku Petauke. Ntchito itatha anagula galimoto yakale yoyera, n'kumanyamula anthu pakati pa komboni ya Ngungu ndi m'tauni. Ndiyo inkatidyetsa. Koma chaka chimenecho zinthu zinayamba kuwavuta. Anagunda geti lathu lomwe kawiri, tsiku lina anakhudza njinga ya munthu wogulitsa makala. Nthawi zonse yankho lawo linali limodzi, loti mabuleki atha. Amai sankakhulupirira. Ankaona mmene atate ankayandikizira nyuzipepala kumphuno, ndi mmene dzanja lawo linkapapasira patebulo pofuna kapu ya tiyi.

"Atate a Tisa, si mabuleki, ni maso anu," anatero amai m'mawa wina. "Tiyeni ku chipatala musanaphe mwana wa eni ake."

"Maso anga ali chabe bwino. Nikachinja mapadi a mabuleki muzaona."

Loweruka lotsatira anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Anayamba ndi kuika miyala kumatayala akumbuyo, kenako anamasula pang'ono manati a matayala akutsogolo galimoto ikadali pansi. Ataikweza ndi jeke, analowetsa pansi pake chipika cholemera chimene anabwera nacho kuchokera ku njanji, chifukwa jeke sankaikhulupirira n'komwe. Ndiye anandiitana. Anati zala zanga n'zazing'ono, zilowa bwino m'malo opanikizika. Ndinasangalala kwabasi, mpaka ndinavala juzi yakale ya atate kuti ndioneke ngati makaniko.

Tayala litachoka, munatuluka fungo la chitsulo chopsa ndi girisi wakale, limene ndimalimvabe ndikadutsa pa galaji. Fumbi lake linali losalala ngati mwaye wa pa mpoto, ndipo linakhala m'zikhadabo zanga sabata yathunthu. Atate ankagwira ntchito ndi zala, nkhope atayang'ana kumbali. Ankandifunsa kuti ndikuona chiyani, ine n'kumafotokoza: mabawuti awiri kumbuyo, kapaipi ka labala, chimbale chonyezimira chokhala ndi mizere. Sipanala ankaizindikira poigwira, koma nambala yake ndinkawerenga ndine. Bawuti ina itagwa m'fumbi pafupi ndi bondo lawo, anadikira kuti ndiitole. Ine ndinkati akundiphunzitsa.

Mapadi akalewo analidi atatha. Anali atatsala chitsulo chokhachokha, opyapyala ngati lezala. Atate anatenga limodzi n'kupita nalo kwa amai, amene ankachapa pa mpopi. Anawaonetsa akumwetulira ngati munthu amene wawina mlandu. Amai anayang'ana chitsulocho, anayang'ana atate, n'kupitiriza kufinya malaya.

Mapadi atsopano ndinawalowetsa ndi manja angawa, atate akutsatira ndi chala kuti amve ngati akhala bwino. Titamaliza mbali zonse ziwiri ndi kumanga matayala, anandikhazika pa mpando wa dalaivala. Anati ku njanji sitima siinyamuka mabuleki asanayesedwe, ngakhale bwana akalipe chotani, ndipo pakhomo pawo lamulo ndi lomwelo. Ndinatsetsereka mpaka phazi linafika pa chopondera cha mabuleki. Ulendo woyamba chinangomira mpaka pansi, ndinachita mantha. "Ponda, leka, pondanso, mpaka ikose," anatero atate. Ndinaponda mpaka chinalimba ngati mwala.

Kenako tinatuluka kukayesa pamsewu, ine nditakhala kutsogolo. Anali masana, dzuwa lili mbee. Patsogolo pathu, pakati pa msewu, panakhala kamwana ka a neba athu, ka zaka ziwiri, katavala juzi yotuwa ngati fumbi lomwelo, kakusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Ndinakaona tili kutali, ndipo ndinkadikira kuti atate achepetse liwiro. Sanachepetse. Ndinawayang'ana kumaso, iwo ali phee, akumvetsera injini.

"Atate, mwana!"

Galimoto inaima pomwepo, popanda kulira kulikonse. Ndinagunda chipumi pa galasi. Fumbi litatsika, kamwanako kanali kakadali pansi, mtunda wa mkono umodzi kuchokera ku bampa, kakutiyang'ana ndi chitsekerero m'kamwa. Sikanalire n'komwe. Atate anagwira chiwongolero ndi manja awiri, akusuzumira kutsogolo.

"Ali kuti?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinawalozera, koma sanamuone mpaka anatsika ndi kuzungulira kutsogolo. Anamunyamula, anamusasa fumbi, n'kukamupereka kwa amake amene ankathamanga akumanga chitenje. Atabwerera anazimitsa injini ndi kuzula kiyi. Galimoto tinaisiya pomwepo m'mbali mwa msewu, tinabwerera wapansi, dzanja lawo lili paphewa langa. Amai anali akuyanika zovala. Atate anawapatsa kiyi m'manja monyowamo, n'kulowa m'nyumba. Amai sananene kuti ndinakuuzani. Anakhala pa ndowa yovundikira, n'kubisa nkhope m'chitenje.

Lolemba atate anapita ku chipatala, ndipo kumeneko anawapeza ndi matenda a shuga amene anali atadya kale maso. Sanagwirenso chiwongolero. Galimoto anayamba kuyendetsa amalume, ndipo inkafika pageti mwakachetechete, moti ndinkangodzidzimuka ili kale pabwalo.

Kwa masiku ambiri ndinkavutika mumtima, poganiza kuti ndinalakwitsa china polowetsa mapadi aja, n'chifukwa chake atate anasiya galimoto yawo. Tsiku lina, akuwothera dzuwa pakhonde, ndinalimba mtima ndi kuwafunsa. Anapapasa mpaka anapeza dzanja langa. "Unamanga bwino, Tisa," anatero. "Unamanga bwino maningi."

Pa nthawiyo ndinangomva kuti andiyamikira, ndipo ndinathamanga kukauza anzanga. Ndinadzamvetsa nditakula kuti mabuleki akutha aja ndiwo anali pobisala pa atate, ndipo Loweruka lija, ine ndi iwo, tinapachotsa ndi manja athu. Lero ndili ndi galimoto yangayanga, ndipo mapadi ndimasintha ndekha. Ndikamaliza ndimaponda chopondera mpaka chilimbe, kenako ndimakhala pang'ono ndisanalize injini, kuyang'anitsitsa msewu wonse umene uli patsogolo panga.