Tsiku Limene Tinasiya Chikuku

Chikuku cha mwana wanga chinakhala zaka zisanu kuseri kwa chitseko cha nyumba yathu ku Springburn. Malo ake anali omwewo, pakati pa nsapato ndi pokoloweka majekete, moti aliyense wolowa ankayenera kupendekeka pang'ono kuti adutse. Chinali chabuluu, chogula kwa anthu ena amene mwana wawo anali atakula. Gudumu limodzi lakutsogolo linkalira ngati kambalame likanyowa, ndipo poti ku Glasgow kuno mvula siisowa, linkalira pafupifupi tsiku lililonse.

Poyamba mkazi wanga sankachifuna. Ankati mwana wa munthu sakankhidwa ngati thumba la chimanga pa wilibala. M'nyumba ankamubereka ndi chitenje, n'kumasesa, kuchapa, kuyeserera nyimbo za kwaya, kamtsikanako kali m'tulo kumsana. Koma panja zinkavuta. Jekete lokhuthala, ambulera, majumbo a zogula, zonsezi pa munthu mmodzi. Mapeto ake anachizolowera, ngakhale sanasiye kuchinyoza.

Mwana ali ndi zaka ziwiri, mayi ake anayamba kudwala. Za matendawo sindilemba zambiri. Miyendo inayamba kufooka, ndipo achipatala anati atipatse chikuku cha odwala. Iye anakana.

"Bambo a mwana, zikuku ziwiri nyumba imodzi? Muzikankha ndani, muzisiya ndani?"

Anaseka, ine ndinalephera. M'malo mwake ankagwira chikuku cha mwana n'kumayenda nacho pang'onopang'ono mpaka kupaki yapafupi. Odutsa ankaona mayi akuyendetsa mwana wake. Ine ndekha ndinkadziwa kuti chikukucho n'chimene chinkayendetsa mayiyo. Pa chogwirira panatsala malo awiri osalala, pamene zikhatho zake zinkatsamira.

Anatisiya m'nyengo yozizira, mwana atangokwanitsa zaka zitatu. Tinamuika konkuno.

Kuyambira pamenepo sindinatulukepo ndi mwana popanda chikuku. Kugolosale, kuchipatala, kusukulu ya mkaka, ndipo Lamlungu lililonse kutchalitchi kwathu ku Partick. Manja anga ankagwera okha pa malo awiri osalala aja. M'kadengu kapansi munali chitenje cha mkazi wanga chobiriwira cha maluwa achikasu, chopinda mmene anachipindira iye ulendo womaliza. Ndinkaikapo buledi ndi mkaka pamwamba pake, koma sindinachitambasulepo.

Mwana ankakula, chikuku ayi. Pofika zaka zinayi ndi theka mawondo ake ankafika pachifuwa akakhalamo, ndipo akaiwala kupinda miyendo nsapato zinkakhula pansi. Kumpingo kwathu kuli mayi wina wachikulire wokhala ku Gorbals, amene anatigwira dzanja kwambiri pamaliro. Tsiku lina titaweruka anatiimitsa pakhomo.

"Achimwene, mwana ameneyu mudzamukankha mpaka tsiku la ukwati wake? Taonani miyendoyo, ikusesa msewu wonse. Osesa m'misewu awachotsa ntchito chifukwa cha inu."

Ndinayankha kuti kuno mvula imabwera mosalonjera, kuti katundu amachuluka, kuti pa siteshoni pamakhala chigulu ndipo mwana akhoza kundisowa.

"Mmm. Katundu," anatero mayiwo. Anayang'ana manja anga pa chogwirira paja.

Sindinawakwiyire. Munthu amene anagona pansi m'nyumba mwako sabata yathunthu ya maliro ali ndi ufulu wokuseka. Komanso zifukwa zanga sizinali zabodza. Kungoti sizinali zonse.

Kunja kwa mzinda uno kuli paki yaikulu ya zosangalatsa, ya akavalo amatabwa ozungulira, timasitima ndi chigudumu chachitali chokweza anthu m'mwamba. Mkazi wanga anali atanenapo kuti mwana akadzatalika tidzapita naye. Chilimwe chomaliza asanayambe sukulu ndinaona kuti nthawi yakwana, ndipo tinagwirizana za Loweruka lina. Mwana wanga ndimamulankhula Chichewa ndipo amamva, koma amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow, chija chothamanga chimene ineyo mpaka lero ndimachita kutchera khutu. Mawu ake ndiwalemba m'chinenero changa. Chikuku iye ankachitcha bagi.

Lachisanu masana tikuchokera kugolosale anatsikamo yekha n'kuima patsogolo panga.

"Adadi, mawa bagi sipita nawo."

"Pakiyo ndi yaikulu, mwanawe. Utopa."

"Sinditopa. Bagi ndi ya makanda. Ine ndikuyamba sukulu."

Ndinati tiona mawa. Mmawa mwake popemphera ndinaitchula nkhaniyi, mwamanyazi ndithu, poganiza kuti Mulungu ali ndi zambiri zoti amve kuposa za chikuku. Yankho sindinalimve. Ndinalongedza chakudya, madzi ndi majuzi m'kadengu kapansi monga mwa masiku onse. Nditatembenuka ndinapeza mwana waima pachitseko, manja atapinda pachifuwa, chibwano atakweza. Ndi mmene ankaimira mayi ake akatsimikiza chinthu. Ndinagwada n'kuyamba kusamutsira zinthu zija m'chikwama cha kumsana. Pansi penipeni panatsala chitenje. Ndinachitenga chopindapinda chomwecho, n'kudziuza kuti tikakhalira pa kapinga.

Titatsika masitepe ndinazindikira kuti sindikudziwa koika manja. Limodzi linagwira mwana. Linalo ndinaliika m'thumba, kulitulutsa, kuliikanso. Msewu unali zii, popanda kulira kwa gudumu lija.

Basi itafika mwana anathamangira pa masitepe okwerera pamwamba. Zaka zonsezi tinkakhala pansi, pamalo a zikuku pafupi ndi chitseko, ndipo sindinaganizepo kuti mwanayu sanauonepo mzinda wake ali pamwamba. Anakhala kutsogolo kwenikweni, mphuno atagunditsa pagalasi, n'kumandionetsa madenga, nsanja za matchalitchi ndi mtsinje, ngati mlendo ndine.

Kupakiko kunali phokoso la nyimbo zingapo nthawi imodzi, fungo la mbatatesi yokazinga ndi shuga wopsa. Polowera pa chokwera chilichonse panali ndodo yoyezera msinkhu. Pa kasitima ka ana, mayi woyang'anira anamuimika pandodopo, ndipo mutu unapitirira mzere ndi zala ziwiri.

"Ndiwe wamkulu iwe," anatero mayiyo. "Ukwera ndi adadi kapena wekha?"

"Ndekha."

Sanandiyang'ane n'komwe poyankha. Ndinabwerera kumpanda, pamene makolo amadikirira. Pamenepo panali mzere wa zikuku zopanda ana. Makolo ambiri anali awiriawiri, wina atagwira chikuku, mnzake akujambula ndi foni, akumaitana mwana wawo ndi dzina. Ine ndinagwira chitsulo cha mpanda ndi manja onse awiri. Chinali chozizira. Kasitima katadutsa koyamba, mwana anandibayibitsa. Kachiwiri anateronso. Kachitatu anali akuseka ndi kamtsikana kamene anakhala nako, ndipo dzanja langa linatsala m'mwamba lokha. Ndinafuna kutembenuka kuti ndiuze munthu kuti, wamuona? Kumanzere kwanga kunali bambo wina wosamudziwa akudya chimanga chophulitsa.

Tsiku lonse anayenda ndi miyendo yake. Anakwera akavalo kawiri, anakwera timakapu tozungulira, ndipo ineyo ndinachita chizungulire pongoonerera. Tinadyera pa benchi chifukwa kapinga anali wonyowa, choncho chitenje sichinatuluke m'chikwama. Ndinayamba kuganiza kuti mayi a ku Gorbals aja ankanena zoona.

Cha m'ma folo koloko zinasintha. Anayamba kukoka mapazi, kenako kudandaula kuti nsapato ikumuluma. Pokwerera basi panali patali, kudutsa bwalo lonse loimika magalimoto n'kukweranso kamtunda. Mvula ija yamawawa inayamba. Titangotuluka pageti anakhala pansi pakati pa njira n'kuyamba kulira.

"Ndikufuna bagi yanga."

Ndiulule pano kuti mumtima mwanga munadutsa kachimwemwe koipa. Ndinati, si izi ndimanena. Chikuku chikufunikabe, chikhalabe kuseri kwa chitseko chaka china. Kenako ndinayang'ana mwana wanga atakhala m'madzi, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikukondwera ndi misozi yake.

Ndinamunyamula m'manja. Mwana wa zaka zisanu wotopa amalemera ngati thumba la simenti, ndipo ine sindine mnyamata. Tisanafike pakati pa bwalo lija mkono unachita dzanzi, iye n'kumatsetsereka. Ndinamutsitsa pansi pa mtengo kuti ndipume. Nditatsegula chikwama kuti ndimuveke juzi, anaona maluwa achikasu aja. Anasiya kulira. Anakhudza nsaluyo ndi chala chimodzi.

"Adadi, bereka."

Mawu amenewo anawanena m'Chichewa. Chimwalirireni mayi ake sanalankhulepo yekha mawu a Chichewa popanda ine kumuuza kuti abwereze. Sindinkadziwa kuti anawasunga.

Kwathu kumene ndinakulira mwamuna sabereka mwana ndi chitenje. Bambo anga sanachitepo, agogo anga ndiye osanena. Mwamuna amaika mwana paphewa, pang'ono chabe, n'kumubwezera kwa amake. Akakuona wamanga nsalu pachifuwa mudzi wonse umadziwa kuti unadyetsedwa kondaine. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunali mabanja akuthamangira m'magalimoto awo, akupinda zikuku, akukalipira ana. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti zimene ndikufuna kuchitazo n'zamanyazi. Amene akanandiseka bwino kuposa onse ndi mwini chitenjecho.

Ndinachitambasula. Mizere ya mopinda inali itauma ngati ya pepala. Ndinkayembekeza kuti mwina chikhala ndi fungo lake, koma chinkangonunkha chinyontho ndi mphira.

Chikwama ndinachikoloweka kutsogolo. Ndinawerama mmene ndinkamuonera mkazi wanga akuwerama, mwana anakwera, ndinaponya nsalu pamwamba pake. Nsonga zake sizinakumane chifukwa cha jekete langa. Ndinamutsitsa, ndinavula jekete ndi chikwama chomwe, tinayambanso. Ulendo uno ndinamanga pamimba, ndipo nditangoweramuka mwana anatsetserekera kumatako.

"Osati choncho, adadi! Mami ankamanga apa."

Anandimenya pachifuwa ndi kadzanja kake, pamwamba pafupi ndi phewa. Kaya ankakumbukiradi kaya anaona amayi a kutchalitchi, sindinafunse. Ndinadutsitsa nsonga imodzi paphewa, inayo m'khwapa, ndinamanga mfundo iwiri pamene analoza. Inagwira. Jekete ndinamufunditsa kumutu, chikwama m'manja, tinayamba kuyenda.

Miyendo yake inkandigunda m'ntchafu. Posakhalitsa mutu unalemera pakati pa mapewa anga ndipo mpweya wake wofunda unkandifika pakhosi. Malaya anga ananyowa ndi mvula kutsogolo, kumsana ndi thukuta. Ndinaganiza za zaka ziwiri zimene mkazi wanga anayenda chonchi m'nyumba mwathu, ine n'kumaona ngati n'zopepuka. Ndinakwera kamtunda kaja pang'onopang'ono, ndikuwerenga mitengo ya magetsi.

M'basi tinakhala pansi, pamwamba sindikanatha kukwera. Anadzuka tikulowa mumzinda, chitenje chili pamiyendo pake. Anayamba kutsata duwa limodzi ndi chala.

"Adadi, agogo a kutchalitchi aja amati ndimafanana ndi mami amene anandibereka."

"Amanena zoona."

"Ndiye mami anandibereka. Lero inunso mwandibereka."

Mawu akuti kubereka anawanenanso m'Chichewa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimulongosolere. Ndimaphunzitsa ana Sande sukulu, ndipo kukonza mawu ndi chizolowezi changa. Ndinafuna kumuuza kuti mawuwo ndi amodzi koma zinthu zake ndi ziwiri, kuti pali kubereka kwa m'mimba, kumene ndi kwa mayi ake okha, ndi kubereka kwa kumsana. Koma ndinaona kuti mwanayu sakufunsa funso. Akungondiuza.

"Eya," ndinatero. "Lero ndakubereka."

Anagwedeza mutu n'kugonanso.

Lamlungu la sabata yotsatira ndinachitsuka chikuku, ndinathira mafuta gudumu lija, ndipo tinapita nacho ku Partick chopanda munthu, mwana akuyenda pambali. Kumpingo kunali banja lina la ophunzira ongofika kumene kuchokera kumudzi, mkazi ali woyembekezera. Ndinachipereka kwa mayi a ku Gorbals kuti awapatse. Ndinkadikira nthabwala, koma sinabwere.

"Zikomo, achimwene," anatero, ndipo anachigwira m'mbali, osati pa chogwirira.

Tsopano kuseri kwa chitseko kuli malo. Pansi panatsala timadontho tinayi pamene magudumu ankaima, ndipo ndimadzipezabe ndikupendekeka polowa. Mwana anayamba sukulu. Mmawa timapita awiri, pobwerera ndimayenda ndekha, manja m'thumba. Chitenje ndinachichapa, chimakhala pokoloweka majekete. Chiyambireni tsiku lija wandipempha kawiri kuti ndimubereke, ndipo ulendo wachiwiriwo nsonga zake zinangokwana mfundo imodzi.