Lena ndi Masipika a Amuna Ake

Lena anabadwira ku Tamanda, mwana wa kalaliki wa pamishoni, ndipo kumeneko ankadziwika ndi mawu ake. Ndiye ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi. Woyimbitsa kwayayo anali mphunzitsi wowonda, wosasiyana ndi tayi, a Edmond Daka. Chaka chimene kwaya inajambula kaseti yake imodzi yokhayo, a Daka anamukwatira Lena, ndipo sabata isanathe anamuuza kuti mkazi wa aphunzitsi sayasamula kukamwa pamaso pa amuna ena. Kuyimba kunathera pomwepo.

Anayenda nawo m'masukulu osiyanasiyana, nabereka mwana mmodzi, Hazel, yemwe anakwatiwa ku Kitwe. A Daka sankamenya ayi. Chawo chinali pakamwa. Ndiwo ikangopserera pang'ono ankainena mpaka mwezi kutha, mofatsa, ndi Chingerezi pamwamba.

Atapuma ntchito anakhazikika ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Anagula ampu yakale yokwezera mawu kwa mnzawo wina, ndipo Hazel anawasamutsira nyimbo za pakaseti ija pa fulashi. Chinatsala ndi masipika. Sankafuna zimabokosi za m'mabala zothwanima magetsi. Ankafuna awiri ang'onoang'ono okwana pashelefu ya mabuku, amtengo woti munthu wapapenshoni n'kukwanitsa. Vuto linali lakuti makutu awo anali atayamba kugontha, koma kuvomera ankakana. Ndiye m'mawa wina anauza Lena kuti avale nsapato, awanyamulire chikwama.

Lena anamvetsa ntchito yake m'shopu yoyamba. Wogulitsa analowetsa fulashi n'kukweza mpaka magalasi kunjenjemera.

"Madala, imvani besi imeneyo!"

A Daka anamuyang'ana Lena cham'mbali. Iye anamva mawu a amayi atamira, ngati akuyimbira mumgolo, ndipo anapukusa mutu pang'ono.

"Izi n'za m'minibasi," anatero a Daka mokweza, ngati amva okha.

M'shopu yachiwiri munali apulasitiki, opepuka ngati chikho. Kwaya yonse inkalira ngati udzudzu m'chitini. Lena anawanong'oneza kukhutu labwinoko kuti mawu ake ndi opyapyala, iwo n'kubwereza zomwezo kwa wogulitsa. Wogulitsayo, mayi wansangala, anatembenukira kwa Lena.

"Nanga inu amayi, mukumva bwanji?"

"Awa musawavutitse," anayankha a Daka. "Amadziwa kulira kwa mpoto basi."

Dzuwa litafika pamutu anafika kwa Jairos, bambo wogulitsa katundu wakale yemwe ankamudutsitsira pa malire a Mwami. Anatulutsa masipika awiri athabwa, ina yobenthuka pakona. Anayika ina kumanzere, ina kumanja, motalikirana, n'kuwauza kuti ayime pakati. Nyimbo itayamba, Lena anamva amuna mbali iyi, amayi mbali inayo, ndipo pakatikati penipeni mtsikana akukoka mpweya asanayambe ndime. Anali iye mwini.

"Awa," anatero, atayiwala kunong'ona.

A Daka anagula, koma njira yonse sanamuyankhule. Lena ankayenda pambuyo, katoni ili pamutu.

Kunyumba masipikawo anakhala pakati pa Baibulo lalikulu ndi mabuku a masamu, atafundidwa kansalu. Lena ankaloledwa kuwapukuta fumbi, kuyatsa ayi. Masipikawo ankalira pakabwera alendo. Lamlungu lina kunabwera akulu ampingo ndi akazi awo, ndipo a Daka anayika kwaya yawo, n'kumawayimbitsa ndi chala m'mwamba. Mmodzi wa alendowo, Mayi Veronika, anagwira pachifuwa.

"Koma mtsikana akutsogolerayu mawu ali nawo! Ndani ameneyu, aphunzitsi?"

Lena anali atagwada pafupi ndi tebulo, akuthira tiyi.

"Kamtsikana kena ka ku Tamanda," anatero a Daka. "Kanamwalira kalekale."

Alendo anati pepani. Lena anamaliza kuthira tiyi, anafunsa aliyense za shuga, n'kutuluka kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka alendo atapita.

Chilimwe chotsatira a Daka anagwa m'bafa. Sitiroko inawapha mbali imodzi, kamwa n'kupotoka, mawu n'kutha. Lena ankawasambitsa, kuwadyetsa phala, kuwakhazika pampando wa pabalaza. Masana a Daka ankaloza shelefu ndi dzanja lamoyolo, iye n'kuwayatsira, kukweza kwambiri kuti amveko. Ndi chokhacho chimene chinkawalitsa nkhope yawo.

Tsiku lina akupukuta fumbi, mawaya anasololoka kuseri kwa ampu. Lena anawayang'ana kanthawi, n'kuwasiya choncho. A Daka ataloza shelefu, anayatsa monga mwa masiku onse. Kagetsi kobiriwira kanayaka. Anakweza mpaka pamapeto iwo akuona, kenaka anakhala pampando moyang'anana nawo n'kuyamba kugwedeza mutu, phazi likugunda pansi pang'onopang'ono, milomo ikutsatira nyimbo yosamveka.

A Daka anapendeketsa mutu. Anakanda khutu ndi chala, analimenya ndi chikhatho. Anamuyang'ana Lena, maso ali tong'o, ndipo iye anamwetulira n'kuloza masipika, ngati akuti, mukuimva kukoma? Misozi inatsikira mbali yakufayo mpaka m'kolala. Lena anawapukuta bwinobwino ndi thaulo.

Anachita zimenezi masana aliwonse mpaka mvula itagwa. Sizinkamukoma. Zinali ngati kutafuna mchenga, koma sanaleke. Pomaliza a Daka anasiya kuloza shelefu, anasiyanso kutsegula kukamwa supuni ikafika, ndipo chimanga chisanamasule anamwalira.

Maliro atatha, ang'ono awo a malemu, a Joshua ndi a Ben, anakhala pabalaza kugawana katundu. Pa masuti ndi njinga anagwirizana, koma pa masipika anakangana mpaka kutukwanizana. Amalume awo anagamula kuti aliyense atenge imodzi.

"Alamu, amenewo amayenda awiri," anatero Lena. "Imodzi payokha ndi theka la nyimbo."

"Mulamu, za zipangizo zisiyeni," anayankha a Joshua akuyika yawo m'thumba la feteleza. "Achimwene ankatiuza kuti inu nyimbo simuzimva."

Nyumba, a Joshua ndi a Ben anati ayikamo anthu a lendi. Hazel anakangana nawo mpaka mawu kusasa, kenaka anatenga mayi ake kupita nawo ku Kitwe. Kumeneko Lena amagona chipinda chimodzi ndi zidzukulu, amalima repu kuseri kwa mpanda, ndipo anthu oyandikana nawo amamudziwa ngati gogo wofatsa amene anasamalira mwamuna wake mpaka tsiku lomaliza.