Thadzi la Bonasi

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinalowa ntchito mu golosale ya mayi ena pa Limbuli. Ndinkagulitsa shuga ndi sopo, kuyeza mafuta ophikira, ndi kumvetsera anthu a njinga ochokera ku Mozambique akudandaula kuti zinthu zadula. Ndinali ndi kope lolembamo zonse zondichitikira, ndipo m'menemo ndinayeserera kasanu kalata yosiyira ntchito. Ndinali nditasankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi, ndipo kalata yawo inanena mosapsatira kuti wosafika sabata yoyamba ya Januwale malo ake apatsidwa kwa wina.

Ndinakonza zopereka kalata yanga Lachisanu, kutatsala sabata kuti Khrisimasi ifike. Tsiku lomwelo, tikutseka, abwana anandiitanira kuseri. Anandipatsa envulopu, kenako anatulutsa thadzi lofiira lomangidwa miyendo ndi luzi.

"Bonasi yako iyi," anatero. "Atsikana ena onse amandithawa akangoona ndevu. Iwe ndiye wanga."

Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri. Kalata inatsala m'thumba la siketi, ikundiotcha ntchafu.

Kunyumba nkhaniyi inasanduka mlandu. Bambo anga, amene agwira ntchito ku esiteti ya tiyi kuyambira ndisanabadwe, anati bonasi ndi ya thukuta limene linagwa kale.

"Ku esiteti munthu amalandira Lachisanu, pofika Lolemba nyumba ya kampani ili pululu. Palibe amalira."

"Kampani ilibe nkhope," anatero amayi. "Awa timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Munthu satsanzika milomo ikadali ndi mafuta. Mawa ukagwade unene kuti zikomo zadzulo, ndipo udikire mpaka mphatsoyo ithe."

"Ndiye tiiphe lero lomwe," anatero bambo, maso ali pa mpeni.

Koma kutacha thadzi lija linaikira dzira, amayi n'kulengeza kuti nkhuku yoikira siphedwa pakhomo pawo. Limalize kaye kuikira, lifungatire, lilere anapiye. Ndinaona kuti ndikatsata lamulo limeneli, anzanga adzatseka temu yoyamba ine ndikuyezabe mafuta.

Ndinapita kukathokoza monga anandiuzira. Abwana anasangalala mpaka anandigulira mandasi, ndipo kalata inagonanso m'thumba. Madzulo ake ndinalemba m'kope muja kuti munthu wachilungamo sadya chimene sanachiyenere, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri. Za mu envulopu ndinali nditagulira kale sutikesi, choncho chilungamo changa chinagwera pa nkhuku yokha.

Tsiku la msika, amayi atapita kumunda, ndinagwira thadzi lija n'kukwera nalo kabaza. Ndinapeza golosale itadzaza. Ndinagwada pakati pa makasitomala, dzanja lina nkhuku, lina kalata.

"Kodi ikudwala?" anafunsa abwana.

"Ayi amayi, ndabweza. Ndikusiya ntchito, ndiye sindinafune kuti ndidye zanu ndikudziwa kuti ndikupita."

Kalatayo sanaiyang'ane n'komwe. Anamasula chitenje n'kuchimanganso mwamphamvu.

"Wabweza? Pamaso pa anthu? Iwe mwana, ukuti ndaikamo chiyani m'nkhukumo? Tamvani anthuni, ati ndine mfiti!"

Ndinafuna kufotokoza za koleji, koma mayi wina amene anali atagula shuga anaubweza pakauntala pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pachitenje. Apa m'pamene ndinazindikira zimene ndachita. Kwathu kuno munthu sabweza mphatso pokhapokha akuikayikira kuti ili ndi mankhwala, ndipo mwini golosale akangonong'onezedwa za mankhwala, ngakhale mchere wake umayamba kuoneka wachilendo.

"Ine mankhwala sandigwira," anatero mkulu wina amene ankadikira mabatire. "Mundipatse ine, ndikuthandizeni."

"Inu khalani chete, achimwene!" Abwana anatembenukira kwa ine. "Ukaiphe lero. Udye chiwindi, nthutumba, miyendo, zonse. Mawa ubwere wamoyo, uime pakhomopa kuti Limbuli yense akuone. Ukatero ndiwerenga kapepala kakoko."

Ndinabwerera pa kabaza yemweyo. Amayi atamva anagwira mutu, koma dzina la mayi a mu mpingo linaposa mazira, ndipo madzi otentha anatereka okha. Bambo anadya ntchafu zonse ziwiri, ati akundithandiza kuchitira umboni.

M'mawa mwake ndinaima pakhomo la golosale, wamoyo ndithu. Aliyense wolowa abwana ankamuimitsa kaye.

"Mwamuona? Wadya. Tazungulira akuone bwino."

Ndinazungulira mpaka masana. Kenako anatsegula kalata ija, kuiwerenga milomo ikuyenda, n'kuifinyira pansi pa sikelo.

"Uphunzitsi," anatero. "Ndikanadziwa ndikanakupatsa chitambala chokalamba chija. Ugwira mpaka Nyuwere ipite, anthu ndi ambiri. Tsiku lopita udzere pano m'mawa, ndikakukweze ndekha minibasi, asamati ndinakuthamangitsa."

Anachitadi zimenezo. Anakalipira kondakitala mpaka anandipatsa mpando wapawindo, ndipo ku koleji ndinafika kutatsala tsiku limodzi kuti sabata yoyamba ija ithe.